Belu la Sukulu Yathu ku Gdańsk

Chaka chatha ndinapachika zikwangwani za otizimu m'makonde onse,
ndikudziyesa mphunzitsi wogwira ntchito.
Ignacy anaima pansi pa chimodzi, nachiwerenga kawiri.
"Pani Halina, mwalemba za ine.
Bwanji simunandifunse?"

Ndinangoti kakasi.

Chaka chino holo inadzaza,
majekete akudontha madzi a chipale chofewa,
ndipo kutsogolo kunaima iyeyo, wa zaka khumi ndi chimodzi,
maso pa zingwe za nsapato.
Anali atanena kale kuti sayang'ana munthu.

"Belu likalira, ine ndimalimva m'mano.
Nyali iyi ikulira ngati udzudzu, inu simukuimva.
Ndikamakupiza manja sindikudwala ayi,
ndikukhazika mtima pansi."

Pambali pake Dobrawa, yemwe salankhula ndi pakamwa,
ankadina tabuleti yake, chilembo chimodzichimodzi.
Tinadikira. Wina anatsokomola.
Tinadikirabe.
Kenaka makina anati: "Musamandiyankhire."

Kumbuyo, mnyamata uja ankamuyeseza Ignacy pa nthawi ya chakudya
anakweza mkono mwamanyazi:
"Nanga tikafuna kucheza nawe?"
"Undifunse za matiramu.
Ndikudziwa pomwe iliyonse imakhotera."

Sitinaombe m'manja, anatipempha tisatero.
Manja mazana atatu anangokwera m'mwamba
ndi kugwedezeka, zii.

Lolemba m'mawa, a Zbigniew osamalira sukulu
anakwera makwerero, osauza aliyense,
nakulunga belu lija ndi sokosi yakale.
Zikwangwani zanga zikadali m'kabati.