Fayilo ya Kamangira

Magetsi azima Kasungu yense.
Ndayatsa kandulo pa sosala,
ndayala mapepala pabedi la resitihausi
monga ayalira fodya posankha,
tsamba ndi tsamba, ndione lomwe lawola.

Mawa naini koloko.
Boma likuti Zakeyu Kamangira, tenanti wa ku Chamama,
anapha kapitawo ndi mpini wa khasu
usiku wa tsiku lowerengera,
atamuuza kuti mabelo asanu ndi anayi
athera ku feteleza, ku chimanga chokongola, ku mchere,
ndipo ngongole ikadalipo.
Aliyense akamva zimenezi agwedeza mutu,
ati chifukwa chinalipo.
Kugwedeza kumeneko ndiko ndikukuopa.

Amati mlandu suwola.
Koma mboni zimawola, mapepala amawola.
Tsamba lachisanu ndi chiwiri palibe.
Wapolisi amene analemba anamusamutsira ku Nsanje,
foni yake imangoti yesaninso nthawi ina.
Lipoti la kuchipatala ndi mizere itatu,
inki itasungunuka ndi denga lodontha.
Bala kumutu. Mbali iti? Silinena.

Dzana ndinakamuona kundende.
Zaka zitatu ndi miyezi inayi pa rimandi,
miyendo yotupa, mawu apansipansi.
Ndinafunsa za usiku uja, iye n'kufunsa za mvula,
ngati yagwa kwawo,
ngati Tiyesi wake analowa sukulu.
Kenaka: Bwana loya, ndikalankhule chiyani?
Ndinati zoona, koma muzidikira funso lithe.
Pomwe simukudziwa muzinena kuti sindikudziwa.
Anaseka pang'ono.
Anati kupolisi yankho limenelo linali ndi mtengo wake.

Anthu khumi ndi awiri akakhala pabenchi mawa.
Mndandanda ndili nawo:
mphunzitsi wopuma wa ku Chulu, telala wa pamsika,
mayi wopikula mtedza ku Santhe,
kalaliki amene ndikukayika ngati alibe chibale ndi esiteti.
Ena anadyapo chimanga cha ngongole,
ena ndi amene amachikongoza.
Ndiyambe ndi mawu ati
oti alowe m'makutu onsewo osapunthwa?

Mlonda Fulatira akuti anamuona pa mwezi.
Ndafufuza kalendala ya chaka chimenecho,
mwezi unali wa masiku awiri, unalowa anthu asanagone.
Sindimukalipira.
Ndimufunsa za tochi, za mtunda wochokera pachigafa,
za amene amamulipira mwezi ukatha,
ndimusiye ayende yekha mpaka pomwe njira yathera.

Tsono pepala ili, loti anavomera.
Chizungu chosalala, cha munthu amene sanapondepo m'kalasi.
Pansi pake chidindo cha buluu,
ndipo pambali alemba ndi bolopeni:
chala chachikulu, dzanja lamanja.
Ndaliwerenga kanayi ndisanakumbuke
mmene anandipatsira moni dzana,
dzanja lija lopepuka, loperewera.
Jeke ya fodya inadya chala chimenecho
Tiyesi asanabadwe.

Ndakhala phee.
Kunja galu akukoka chitini.
Mtima ukufuna kuvina, ndaukhazika pansi.
Mwina wapolisi anangolakwitsa kulemba.
Wa boma anena choncho, ndipo ena amukhulupirira.
Chala chimodzi sichitsegula geti la ndende chokha.

Kaya anapha, kaya sanaphe,
Zakeyu ndi amene anagona pansiyo ndiwo akudziwa.
Ine changa n'kuima, n'kufunsa boma mwaulemu
kuti mwatsimikiza bwanji,
n'kufunsanso, mpaka wina mwa khumi ndi awiriwo
asiye kugwedeza mutu.

Kandulo yatsala ngati chala cha mwana.
Ndayeserera mawu oyamba pamaso pa wodilopu,
yandimvera osatsutsa.
Pampando ndapachika mkanjo wanga wakuda,
pambali pake malaya oyera a kaunjika
omwe ndamugulira masana pa depoti,
kuti akamuone kaye munthu asanaone mkaidi.
Kolala ndi yaikulu.
Ndinayeza ndi chithunzi cha mufayilo,
cha zaka zitatu zapitazo.