Pepala la Nambala 212

Mabokosi atatu akhala pa tebulo langa,
pamene ndimaika choko ndi kaundula wa ana.
Lero sindine mphunzitsi. Andipachika chitupa m'khosi,
ndine wowerenga mavoti pa sukulu ya ku Domwe,
m'kalasi yomweyi yodontha pangodya.

Masabata asanu ndi limodzi msewu wa ku Ulongwe sunagone.
Malole ankabwera ndi zimkuzamawu, fumbi lili pambuyo,
awa kugawa makapulana, awo zipewa.
Mlamu wanga analandira zonse ziwiri,
ati mutu ndi chiuno sizikangana.
Wofuna mpando anakwera pa matumba a mbatatesi pamsika,
nalonjeza feteleza, nalonjeza mlatho wa kudambo.
Mawa lake mnzake anakwera pa matumba omwewo.
Mlatho unamangidwa kawiri sabata imeneyo, ndi pakamwa.

Kenaka masiku awiri a chete, monga lamulo linena,
nkhope za pa mapepala zikumwetulira mbuzi
pa mitengo ya bulugama.

M'mawa mzere unayamba tambala asanalire.
Ndinaona zala zikulowa mu inki,
za alimi, za osoka, za mnyamata wa kabaza
amene anafunsa ngati angavote msanga, makasitomala akudikira.

Tsopano ndi usiku. Nyali imodzi, chitseko chotseka.
Pepala lililonse timalikweza m'mwamba,
dzina litchulidwe, oimira zipani aone ndi maso awo,
ine ndilembe kamzere pa bolodi:
inayi yoimirira, wachisanu wopingasa,
monga ndimaphunzitsira ana kuwerenga nyemba.

Pepala la nambala 212 linandiuma m'manja.
Palibe mtanda, palibe chidindo cha chala.
Wina walemba modutsa nkhope zonse:
MLATHO,
L atayang'ana chakumbuyo.

L ameneyo ndimamudziwa.
Amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi masana
ku sukulu ya akuluakulu, pensulo atamanga m'nsonga ya mpango.
Chaka chatha mu Febuluwale anagona kutsidya masiku atatu
ndi mwana wotentha thupi,
chipatala akuchiona ndi maso, madzi ali pakati.
Anabwerera ndi nsalu yopanda kanthu kumbuyo.
Dzina sinditchula. Voti ndi yachinsinsi,
ndinalumbira m'mawa uno.

A Jelvaziyo akuti M wakhudza khutu la munthu wawo.
Mayi Felizimina akuti O wathera pa chibwano cha wawo.
Akangana, malovu kuwala pa nyali,
kulimbirana mawu amene sanawawerenge.
Wapampando watsegula kabuku ka malamulo:
pepala limafunsa kuti ndani,
silifunsa kuti chiyani.
Voti yowonongeka.

Ndaliika pa mulu wake, waung'ono, pafupi ndi chofufutira.
Dzanja langa silinanjenjemere. Ndikunama, linanjenjemera.

Cha m'ma teni koloko tasaina tonse,
wopambana ndi wogonja pa cholembera chimodzi,
zotsatira tamata pa chitseko.
Panja anthu akuwerenga ndi kuwala kwa mafoni,
wina nthungululu, wina njinga yake phee kumapita.
Amene wasankhidwa adzakwera galimoto,
adzawoloka Zambezi pa mlatho waukulu wa ku Tete
kukatiyankhulira kumene ife sitifika.
Kwa zaka zisanu pakamwa pake ndi pathu,
tamubwereka, sitinamupatse.

Lachinayi ndifufuta timizere pa bolodi.
Ndijambula kabokosi, ndiwaonetse pamene mtanda umakhala.
Kenaka titenga pepala lalikulu, lopanda nkhope ya munthu,
tilembe kalata yopita kwa phungu wathuyo,
aliyense dzina lake mmunsi, wosatha adinde chala.
Mawu oyamba alemba ndi iye uja.

L sindimukonza.
Apite choncho, atayang'ana kumbuyo,
kumene kuli dambo.