Masamu a pa Galasi

Tinatuluka m'koleji tilipo mazana anayi.
Anati dikirani mndandanda.
Ndinadikira mvula zitatu,
nyuzipepala ndikuwerenga yobwereka,
dzina langa osaoneka.
Yachinayi inandipeza m'basi ya ku Joni.

Kuno ku Turffontein
ndimatsuka magalimoto kuseri kwa galaji ya Mpwitikizi.
Kutsidya kwa msewu kuli sukulu.
Belu likalira, dzanja langa limaima lokha,
siponji ili m'manja, thovu likudonthera m'nsapato.

Mlonda wa pageti, Mthandeni, anandinong'oneza
kuti ana a giredi sikisi alibe wa masamu
chichokereni mnzawo pa Isitala.
Ndinasita malaya,
ndinatulutsa satifiketi m'pulasitiki ya shuga.
Mayi wa mu ofesi anaigwira ndi manja awiri,
anawerenga mpaka chidindo.
Mpando ulipo, anatero, koma ndalama yake sinabwere,
ndiponso pepala lanuli si la kuno.
Anandipatsa tiyi.
Ndinamwa, poti kunkazizira.

Usiku foni imalira.
Ndi Ndaziona, tinkakhala benchi limodzi ku koleji,
iye dzina lake linatuluka, ali ku Mchinji.
Ana zana limodzi ndi makumi anayi ndi atatu, yekha.
Mawu anamuthera, amalankhula ngati chitseko cha malata.
Akuti, mwayi uli ndi iwe.
Ndikuti, mwayi uli ndi iwe.
Timaseka mpaka mayunitsi kutha.

Ine ndinaphunzira kuphunzitsa masamu
koma samu iyi yandikanika:
kalasi yopanda mphunzitsi uko,
mphunzitsi wopanda kalasi kuno,
pakati pake msewu woti nkhuku itha kuwoloka.
Amene amawerengera anthufe,
kaya amagwiritsa chala chiti.

Dzulo kamtsikana kena, kodikira minibasi,
kanakhala pa tayala lakutha, kope lili pamaondo,
kakutafuna pensulo ngati nzimbe.
Theka kuphatikiza limodzi la magawo atatu.
Ndinayang'ana uku ndi uku, bwana kulibe.
Pa galasi lafumbi la bakki ya munthu
ndinalemba ndi chala, pang'onopang'ono,
sikisi pansi, sikisi pansi.
Kanayang'anitsitsa, kenaka kanati, ooo!
Ooo yemwe uja,
ndinamumva komaliza ku sukulu yoyeserera ku Dedza.

Minibasi inabwera, kanathawa osatsanzika.
Mwini bakki anafika akuloza wotchi.
Ndinaviika siponji m'ndowa
n'kufufuta bolodi langa.