Kuchepetsa Mkanjo

Abwera nawo Lachitatu, utakulungidwa m'chitenje,
mkanjo wofiira wa malemu,
ukununkhabe ubani ndi thukuta la milandu.
Abiti Likwanya auyala patebulo panga
ngati akugoneka wodwala:
"Che Sumani, uchepetseni. Wolowa dzina ndi woonda."

Wolowa dzinayo ndimamudziwa.
Ndi Imedi, mwana wa mlongo wa malemu,
uja ankapalasa kabaza
kuchokera pamlatho mpaka ku Mpondasi,
ndipo ali nane ngongole ya chigamba cha thalauza.
Amayi a mbumba akhala usiku utatu, amuloza.
Loweruka dzina lake lidzavulidwa ngati malaya akuda,
ndipo ine, ndi imvi zangazi,
ndidzamuwombera m'manja nditagwada.

Koma lero wolamula ndine.
Tambasula mikono. Dzutsa chibwano. Tembenuka.
Tepi ya telala siidziwa kugwada.
Mapewa ake: mainchesi khumi ndi asanu ndi limodzi.
A malemu: makumi awiri ndi awiri.
Mumpata wotsalawo muli midzi makumi atatu,
madambo a mpunga, madoko, manda,
ndi malire amene abale awiri
akhala akulozerana zikwanje chiyambire.

Ndikakweza maso pakhonde pano
ndimaona nsanja ya wotchi,
yomangidwira mfumukazi ya kutsidya kwa nyanja zamchere.
Sinapondepo fumbi la Mangochi,
udzudzu wa mu Shire sunailaweko,
koma makolo athu anaikhomera msonkho
pa nyumba zimene anamanga okha.
Lero mumthunzi mwake mwagona mbuzi,
ndipo mtsikana akugulitsapo mayunitsi.

Iyo isanamveke kunali ena,
eni minyanga, eni onga ndi mfuti za gogodera,
amene mawu awo ankafika ku gombe la amwenye
asanafike mapazi awo.
Ankayeza munthu ndi mikwamba ya nsalu.
Ine wogwira nsalu tsiku ndi tsiku
ndimati ndikaing'amba, phwee,
nthawi zina ndimamva ngati wina waitana amake.

Ndasula mpendero wa mkanjo.
Ngwee! chagwa pansi chinthu, chagubuduka,
chakaima pa phazi la Imedi.
Shereni yakale, yakuda bii,
pamwamba pake mutu wa mfumu ya azungu
mphuno itafufutika, chisoti chosaoneka bwino.
Telala wina, amene mafupa ake ndi dothi tsopano,
anaisokerera m'menemo kuti ilemeretse nsalu,
mwera ungavule mfumu pamaso pa anthu.
Taonani ntchito imene anaipeza mwini maiko:
zaka zonsezi ali chozondoka,
kupsompsona akakolo a mfumu yathu.

Imedi waseka, kenaka kuseka kwamuthawa.
"Che Sumani, kodi ndidzaukwana?"
Sindinamuyankhe, ndinali ndi mapini pakamwa.

Lumo ndalibweza m'kabati.
Mkanjo wa ufumu sadula, amangopinda.
Nsalu yotsala ndaibisa mkati, kumsana,
ndasoka ndi ulusi wosavuta kumasula,
pakuti ndaona mafumu atatu pakhonde lino
ndipo palibe anabwerako kudzachepetsa kachiwiri.
Onse amabwera mimba ili patsogolo:
"Tamasulako pang'ono, wayamba kundithina."

Shereni ija ndaibwezera m'malo mwake.
Pambali pake ndasokereramo kanga kanthu,
kachidutswa ka thalauza lija la pa kabaza,
kothimbirira ndi girisi wa tcheni.
Sakudziwa. Sadzakaona.
Koma tsiku lina mayi wamasiye atagwada pabwalo,
munda wake uli m'kamwa mwa anthu olemera,
mwina kadzamukanda pa kakolo.

Wanyamula mkanjo wake, watsika masitepe.
Anzake a kabaza aimba mabelu, ena avula zipewa,
sakudziwa kuti amutchule ndani.
Ngongole ya chigamba sindinaitchule.
Ndailemba m'buku, pansi pa dzina
limene Loweruka lidzakhale lopanda mwini.