Chitseko cha pa Lizulu

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikuyala njerwa,
palibe khoma langa linagwapo.
Funsani pa Lizulu, funsani ku Mlangeni,
funsani ngakhale kutsidya kwa msewu.
Ndiye Lachiwiri lija, chifunga chitakuta msika,
wozimitsa moto atatsika m'galimoto ya khonsolo
n'kuika bolopeni yofiira pa pulani yanga,
ndinamva ngati wandiponda chala chodwala.

Dzina lake Chimbalanga. Wamfupi, wosaseka.
Pulasitala amene ndinasalaza ngati tsaya la khanda
sanamuyang'ane n'komwe.
Analunjika pa chitseko. Anakankha. Anakoka.
Akuti, ichi chikutsegukira m'kati.
Ndinati, bwana, kwathu kuno chitseko chimatero,
chimalandira mlendo, sichimukankha pachifuwa.
Akuti, anthu khumi akathamangira pano nthawi imodzi,
wakutsogolo adzachikoka bwanji
am'mbuyo atamupanikizira pathabwa?

Ndinakhala chete, koma sikuti ndinavomera.

Kenako mawindo.
Zitsulo zimene Lufeyo anawotcherera sabata yathunthu
mpaka maso ake kufiira ngati tomato.
Akuti, chipinda chilichonse, windo limodzi likhale lotseguka,
kiyi apachikidwe pamene mwana angafike mumdima.
A Nangozo, eni nyumba, anamanga chitenje kawiri:
ndiye ndamangira akuba kodi?
Iye osakweza mawu:
mayi, chitsulo sichidziwa wakuba ndani, mdzukulu wanu ndani.

Kuseri, m'kachipinda kosungira katundu,
matumba a feteleza anali atafika kale kudenga,
mabotolo a mankhwala opopera kabichi,
zigubu zinayi za petulo wa anyamata a kabaza,
zonse khoma limodzi ndi pogona alendi.
Ananunkhiza kamodzi basi.
Izi musazikwatitse, anatero.
Petulo atuluke, akagone yekha, kutali, pamthunzi.
Ndinafuna kuseka, ukwati wa zigubu,
koma anapitiriza:
kuno n'kutali, achimwene.
Galimoto yathu ikamafika imapeza makala,
anthu atayamba kale kulira mwadongosolo.
Moto wa nyumba ino ndikuuzimitsa lero,
ndi bolopeni.

Posaina m'pamene ndinaona dzanja lake.
Zala ziwiri zomatana,
khungu lonyezimira ngati jumbo yosungunuka pambaula.
Sindinafunse. Anaona kuti ndaona.
Chinali chitseko chabwino, anatero, cha mlombwa,
mmisiri wake anali waluso ngati inu.
Anapinda pepala, n'kukwera, n'kumapita.

Madzulo, amalonda akulongedza mbatata yotsala,
ndinachotsa chitseko changa chija,
Lufeyo akuwalitsa ndi foni,
ine ndikutukwana pansipansi,
chifukwa felemu yomangira kale siimva chisoni,
umachita kugumula njerwa zako zomwe.
Masiku atatu opanda malipiro.
A Nangozo anandidula ya simenti,
mpaka lero tikakumana amayankha moni ndi mphuno.
Chitsekocho tsopano chimatsegukira kunja,
chinagundapo kale mbuzi, ndi m'busa mmodzi wa mpingo.
Anthu amati mmisiri ameneyu ukalamba wamuyamba.

Musandifunse ngati chinapulumutsa munthu.
Moto sunabwere. Mwina sudzabwera.
Ntchito yotere ilibe umboni,
palibe amakuthokoza chifukwa cha maliro amene sanachitike.

Koma usiku wina mphepo ya ku Dedza ikulowa pansi pa malata
ndinadzuka, mbaula ikadanyeka pabalaza,
n'kuwerenga mpweya wa ana anga.
Asanu. Ndi amayi awo.
Lita ya parafini pansi pa bedi.
Zitsulo m'mawindo onse, zoika ndekha, zolimba,
zimene ndinkanyadira pamaso pa apongozi.
Ndinagwira chitseko. Ndinakoka.
Chinabwera kwa ine mwaulemu wake wonse.

Mukufuna chiyani usiku uno? anafunsa mayi a ana.
Ndinati, hamala yanga ili kuti.