Mpando wa Pulasitiki

Pa maliro a bambo Nankwenya ku Chikanda
anandibwerekera mpando.
Anzanga ali pa njerwa, ena pa mizu ya mango,
ine wapulasitiki, woyera,
wopukutidwa ndi nsonga ya chitenje.
Ndinakhala, mawondo anga akuyang'ana pamitu
pa anthu amene ndinkawedza nawo nkhanu mu Likangala.

Malemuwa ndiwo anandiphunzitsa kumata chubu.
Ankandikoka khutu ngati wawo.

Agogo anga, Abiti Saizi, ankasita malaya
m'nyumba ya njerwa m'munsi mwa phiri,
kumene Mulunguzi amasokosera usiku wonse.
Ankalowera khomo la kuseri.
Bambo anabadwira kuseri komweko, pafupi ndi nkhuni.
Mwini malaya atakwera sitima ya kwawo
anasiya lumo lometera, galasi losweka pakona,
ndi dzina limene alembi a ku boma amandifunsa kawiri
asanalilembe molakwika.

Bambo ankati pa geti la kalabu
mlonda anawauza kuti ada kwambiri.
Kumudzi kwa amayi awo, ku Malosa,
pogawa minda anati ayera kwambiri.
Anakhala makaniko, manja akuda ndi oyilo,
mwina dala.

Ine pamsika amandikwezera mtengo wa mbatata
mpaka nditatsegula pakamwa.
"Ii, Chichewa mumachitha!"
Ndichithe bwanji, mayi,
poti china ndilibe?
Ndimalota m'chomwechi, ndimatukwana m'chomwechi
unyolo wa njinga ukandiluma chala.

Amati mwana ndi wa kwa mayi ake.
Nanga mchombo wanga uli pati?
Suli kuseri kwa bafa, pa Chikanda pompano,
pansi pa nthochi zimene mukudya?

Kumanda ndinapempha khasu.
Mdzukulu wina anaseka: "Mutuluka matuza, bwana."
Ndinavula nsapato, ndinalowa m'dzenje.
Dothi la kuno ndi katondo, silisankha,
linatipaka tonse mpaka m'nsidze,
ndipo kwa ola limodzi
palibe anandiyang'ana kawiri.

Pobwerera ndinanyamula mpando uja pamutu
kukautula kwa eni ake.
Nkhungu inali itatsika kale m'phiri.
Kamwana kena pa mjigo kanasiya ndowa,
kanandiloza, mano onse pamtunda:
"Mzungu! Mzungu, bho!"

Ndinakayankha kuti bho.
Matuza anali atayamba kuwawa.