Dontho Lomaliza

Ndimafika sikisi isanakwane,
mphepo ya Juni ikuluma makutu mu Braamfontein,
makiyi a labu ali m'thumba la jekete.
Ntchito yanga ndi magalasi:
kutsuka, kuyanika, kundandalika mabotolo
ana a chaka choyamba asanalowe.

Zaka khumi ndi zitatu ndili ku Joni,
ndipo manja ndimawadziwa.
Alipo manja ozolowera byureti,
amapotokola kampopi ngati loko wa pakhomo pawo.
Ena amayamba adzipukuta m'malaya,
galasi kuligwira ngati dzira la eni.

Rofhiwa anali wa manja achiwiriwa.
Kudzuka folo ku Tembisa, mateksi awiri.
Kusekondale asidi ankamuona pa bolodi,
wojambulidwa ndi choko,
mphunzitsi n'kunena kuti,
"Apa madzi asanduka pinki, lembani."
Iye n'kulemba. Anakhoza bwino ndithu.
Lachiwiri lija dontho lomaliza litagwa
madzi n'kusandukadi,
anakuwa mpaka mnzake anataya cholembera.
Chivenda sindichimva
koma pamenepo ndinamva.

Kenako botolo linamupulumuka. Phwaa!
Chipinda chonse zii.
Anawerama kuti atole ndi zala,
akufunsa mtengo wake,
mumtima akuchotsera ya teksi ya mawa.
Ndinati siya, ndili ndi tsache.
M'kaundula ndinalemba kuti linali long'aluka kale.
Ndinanama, ndipo tulo ndinagona.

Kumwamba, m'chipinda cha kapeti,
akuluakulu amakambirana za tsogolo.
Akuti labu idzalowa m'foni,
mwana adzasakaniza mankhwala ndi chala chimodzi
ali pabedi pake.
Mwina n'zabwino. Ine sandiitana.
Ndikanafunsa chabe za bandulo,
za magetsi amene amathima chakudya chili pamoto,
komanso kuti fungo lidzadutsa bwanji pa galasi la foni.

Pakhoma anamatapo chikalata chokongola:
Pano ndi pa aliyense.
Pansi pake Keabetswe amadikira pa chikuku chake
chikepe chitafa sabata yachitatu.
Atakwera, tebulo linamufika m'chibwano.
Matebulo ano anapangira anthu oimirira.
Kalata yopempha lina inayenda miyezi inayi
kuchoka ofesi iyi kupita iyo.
Loweruka lina ine ndi kalipentala Mashaba
tinabwera ndi sowo.
Miyendo inayi, mphindi makumi awiri.
Sindikudziwa ngati limenelo ndilo tsogolo
koma utuchi wake ndinasesa ndine.

Pawindo la kumwera amaoneka mapiri achikasu,
dothi limene migodi inalavula.
Bambo anga anabwera pa Theba,
nakumba nawo, nabwerera ku Ntcheu
ndi wailesi, jasi ndi chifuwa.
Dzina la fumbi limene linawadya
ndinalimva muno, ndikupukuta sinki,
mphunzitsi akulilemba pa bolodi.
Chaka chino ana akatunga madzi m'munsi mwa mapiriwo
kudzawayeza m'mabotolo anga.
Rofhiwa ndiye anapeza nambala yoopsa kwambiri.
Anabwereza katatu osaikhulupirira,
kenaka anati mng'ono wake amasewera
pa mtsinje wofanana ndi umenewo.

Usiku ku Rosettenville foni imalira.
Ndi Tadziwana, mwana wanga wa Fomu 3.
"Ababa, kodi kolorini amanunkha bwanji?
Zabwera m'mayeso."
Ndimayesa kufotokoza, mawu amandithera.
Ndimati ngati jiki, koma wolusa.
Amaseka, n'kulemba.
Sukulu yawo labu ilipo, yokhoma,
amasungiramo madesiki othyoka.

Mawa ndi gulu latsopano, makumi anayi ndi mmodzi.
Ndatsuka mabyureti onse,
imodzi ndaika pa tebulo lalifupi.
Kuseri kwa kabati ndabisa mabotolo asanu
amene sali m'kaundula,
a iwo amene manja adzanjenjemera.